Bondo latupa: tipake kapena timwe?

Anthu ambiri amene amafika pa famase yomwe ndimagwirako ntchito amabwera atasanja kale mankhwala m'mutu mwawo. Pamwamba penipeni pali jakisoni. Motsatira pali makapisozi, makamaka aja a mitundu iwiri, kenako mapiritsi wamba. Mankhwala opaka ali kumchira, ndipo ena sawawerengera n'komwe m'gulu la mankhwala. Lolemba m'mawa ndiye zimaonekera bwino, pamene anyamata a mpira wa bonanza, amayi a ntchemberembaye ndi akabaza amene agwa kumathero kwa sabata amalowa akutsimphina, wina atakulunga kakolo ndi chitenje chong'amba.

"Achimwene, ndabinya dzulo. Ndipatseni amphamvu."

Ndikatulutsa kachubu ka mankhwala opaka, nkhope imagwa. "Aa, zopakazi? Nanga akumwa?"

Maganizo anga pa nkhaniyi sindibisa. Munthu wamkulu akabinya kakolo, akapotokola bondo, akagwera dzanja kapena akakoka mnofu, mankhwala oyenera kuwaganizira poyamba ndi opaka. Mapiritsi ali ndi malo ake ndipo ndiwatchula, koma timawamwa mothamanga kwambiri, pa zowawa zomwe kachubu kakanatha kumaliza popanda kuvutitsa m'mimba ndi impso.

Bufeni, amene dzina lake lenileni ndi ibuprofen, pamodzi ndi diclofenac, indosidi, naproxen ndi asipirini, onsewa ndi a banja limodzi. Amachepetsa ululu pochepetsa kutupa. Panado sali m'banjali. Iye amaletsa ululu ndi kutsitsa kutentha kwa thupi, koma kutupa sakhudza kwenikweni. Asipirini anthu anamumwa kwa zaka zoposa 70 osadziwa chomwe amachita akafika m'thupi, mpaka mu 1971 pamene wasayansi wina ku London, John Vane, anaonetsa kuti amatseka njira imene thupi limapangira timadzi totchedwa prostaglandin. Ntchitoyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1982.

Pamalo pakavulala, minofu imatulutsa timadzi timeneti tambiri. Nditimene timatsegula mitsempha ya magazi kuti malowo atupe ndi kutentha, ndiponso timachititsa kuti mitsempha yomvera ikhale tcheru, moti ngakhale bulangete likakhudza munthu amalumpha. Mukatitseka, ululu umatsika. Koma timadzi tomweti tili ndi ntchito zina kutali ndi bondo. M'mimba timathandiza kupanga kansalu konanda kamene kamateteza chifu kuti chisadyeke ndi asidi wake womwe. Mu impso timasunga mitsempha ili yotseguka kuti magazi azidutsa bwino, makamaka munthu akatha madzi m'thupi. Tsono piritsi silidziwa kuti bondo lili kuti. Limasungunuka m'mimba, kulowa m'magazi, n'kuzungulira paliponse, ndipo komwe lafika limatseka prostaglandin wakomweko, wovutitsa ndi wothandiza yemwe. Kuli ngati kuthirira dimba lonse chifukwa cha phando limodzi lofota.

Opaka amayenda njira yaifupi. Amalowera pakhungu n'kukhazikika mu mnofu ndi m'minyewa ya pansi pomwepo. Ena amafikabe m'magazi, koma ochepa kwambiri. Opanga diclofenac wopaka amalemba okha kuti amene amalowa m'magazi ndi pafupifupi magawo 6 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi wakumwa. Kakolo, bondo, chigongono ndi mfundo za zala zili pafupi ndi khungu, mnofu wophimba ndi wochepa, choncho mankhwala safunika kuyenda mtunda kuti afike pamene pali vuto.

Kodi amagwiradi ntchito, kapena ndi zongosangalatsa mtima? Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo wa m'mayiko osiyanasiyana n'kuunika wodalirika, linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 61 wokhudza anthu oposa 8,000 amene anabinya, kukoka mnofu kapena kuvulala mwa njira zofanana ndi zimenezi. Mwa anthu 10 aliwonse amene anapaka diclofenac kapena ketoprofen wa jelo, 7 kapena 8 ululu wawo unali utatsika kwambiri pakutha kwa sabata imodzi. Mwa amene anapatsidwa jelo wopanda mankhwala, anali 2 kapena 3 okha. Vuto lomwe linkaoneka kawirikawiri linali kufiira kapena kuyabwa pakhungu, kwa munthu mmodzi mwa 20, ndipo chiwerengerochi chinali chimodzimodzi ngakhale kwa aja a jelo wopanda mankhwala. Mu 2020 mabungwe awiri akuluakulu a madokotala ku America, American College of Physicians ndi American Academy of Family Physicians, ataunika kafukufuku woposa 200, analangiza kuti pa kuvulala kotereku, kupatula kwa msana, opaka ndiwo aziyamba. Ku Britain nako, bungwe la NICE mu 2022 linaika opaka patsogolo pa nyamakazi ya m'maondo, ija yobwera ndi ukalamba.

Aja 2 kapena 3 amene anachira ndi jelo wopanda kanthu amandichititsa chidwi kuposa enawo. Kakolo wobinya amachira yekha, mankhwala alipo kapena palibe. Ndiye chilichonse chimene munthu anachita pa tsiku lachitatu chimatenga ulemu pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, kaya ndi mphini, kaya masamba othowera, kaya jakisoni wa ndalama zambiri. Sindinena izi monyoza agogo athu amene ankathowa ana ndi manja achikondi. Ndikungoti kuchira kwa munthu mmodzi si umboni, ndipo n'chifukwa chake ofufuza amavutika n'kuika gulu lina pa jelo wabodza.

Si kachubu kalikonse kamene kali ndi mankhwala a m'banja lija. Aja otentha pakhungu, monga Deep Heat, mphamvu yawo yagona pa menthol ndi methyl salicylate. Amatenthetsa kapena kuziziritsa khungu, maganizo n'kuchoka pa ululu kwa kanthawi. Ambiri amawakonda chifukwa amamveka, fungo lake limadzaza nyumba yonse, munthu n'kukhutira kuti wachitapo kanthu. Koma umboni woti amathetsa ululu wa kubinya ndi wofooka poyerekeza ndi wa diclofenac. Diclofenac weniweni wopanda zosakaniza samveka kanthu, amangozizira pang'ono n'kuuma, moti ena amabwerera mawa lake kudzadandaula kuti ndawagulitsa zakutha mphamvu poti "sizikuwotcha". Makampani ambiri a ku India anaudziwa mtima umenewu, ndipo machubu awo amasakaniza diclofenac ndi menthol kuti wopakayo amve kena kake. Palibe cholakwika pamenepo. Chofunika n'kutembenuza chubu n'kuwerenga: pakhale dzina la diclofenac, ibuprofen, ketoprofen kapena piroxicam.

Funso limene ndimafunsa ndisanapereke piritsi si lakuti bondo likupweteka bwanji. Ndimafunsa za mwini bondo. Apa ndi pamene ndimachedwa, ndipo ena pamzere amadandaula.

Tengani agogo amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ambiri kuno ali pa HCT, amene amachotsa madzi m'thupi kudzera mu mkodzo, ndipo ena amaphatikiza ndi enalapril. Onse awiri ndi mankhwala abwino. Koma mukawonjezerapo bufeni kapena indosidi tsiku ndi tsiku, impso zimapanikizika mbali zitatu: madzi achepa, mtsempha wolowetsa magazi wathina chifukwa prostaglandin watsekedwa, ndipo njira imene impso zikanadzithandizira yatsekedwanso ndi enalapril. Onjezanipo dzuwa la mu Okutobala kapena kutsegula m'mimba kwa masiku awiri, impso zikhoza kuima. Komanso mapiritsi a m'banjali amakweza BP yomwe munthu akuvutika kutsitsa. Tengani anzathu amene ali pa ma ARV. Kuyambira mu 2019 ambiri m'dziko muno amamwa piritsi limodzi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Tenofovir amatulukira mu impso ndipo kwa ena amazitopetsa. Munthu wotere kumwa diclofenac kwa milungu ingapo popanda achipatala kudziwa n'kuika impso pa chiswe. Odwala shuga chimodzimodzi. Ndipo tisaiwale kuti impso zikaima, makina otsuka magazi m'zipatala za boma ndi owerengeka. Kwa zaka zambiri odwala akhala akuthamangira ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Za diclofenac ndi impso, dziko linaphunziranso kudzera ku mbalame. M'zaka za m'ma 1990 miimba ya ku India, Pakistan ndi Nepal inayamba kufa mwaunyinji, mpaka mitundu ina inatsika ndi magawo oposa 95 pa 100 aliwonse. Mu 2004 ofufuza anapeza gwero lake: alimi ankabaya ng'ombe zodwala ndi diclofenac, ng'ombe ikafa miimba n'kudya nyamayo, impso zake n'kuwonongeka. India analetsa mankhwalawa pa ziweto mu 2006. Munthu si muimba, thupi lathu limapirira kuposa pamenepo, koma chiwalo chimene chimalandira nkhonya ndi chomwecho.

M'mimba ndiye nkhani yodziwika. Amene anadwalapo zilonda za m'mimba, okalamba, omwa mowa kwambiri, amene ali pa prednisolone, warfarin kapena kaasipirini ka mtima ka tsiku ndi tsiku, onsewa piritsi la m'banjali likhoza kuwatulutsa magazi m'kati. Pali chikhulupiriro chakuti bola udye nsima kaye, basi palibe vuto. Nsima imathandizadi kuti pamtima pasaotche, koma chilonda sichibwera chifukwa chakuti piritsi lakhudza chifu ayi. Chimabwera kudzera m'magazi, chitetezo chija chikatsekedwa. Pa chifukwa chomwechi jakisoni wa diclofenac, amene ali pamwamba pa mndandanda uja, salambalala m'mimba monga ambiri amaganizira. Amalowa m'magazi ngati piritsi lomwe, kuopsa kwake pa chifu ndi impso kulipobe, n'kuwonjezerapo ululu wa pathako ndipo nthawi zina chithupsa. Omeprazole amateteza m'mimba, ndipo madokotala amamupereka pamodzi ndi mapiritsiwa kwa amene ali pa chiopsezo, koma impso saziteteza. Munthu akaona chimbudzi chakuda bii, akasanza magazi, mapazi akatupa kapena mkodzo ukachepa, aleke mapiritsi nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala.

Mtima nawo ulimo. Mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya linalamula kuti diclofenac wakumwa asaperekedwe kwa odwala mtima ndi amene anachitapo sitiroko. Mu Januwale 2015 Britain analetsa kugulitsa mapiritsi a diclofenac popanda chikalata cha dokotala, koma wopaka anamusiya pa shelefu. America inalola diclofenac wopaka kugulitsidwa popanda chikalata mu 2020. Mankhwala ndi amodzi, koma malamulo asiyana chifukwa cha njira yolowera. Kuno kwathu diclofenac ndi indosidi umawapeza pa benchi ya pamsika, atathiridwa dzuwa tsiku lonse, akugulitsidwa limodzilimodzi, ngakhale bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA lilipo ndipo malamulo salola zimenezo.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kusanjikiza. Bambo amamwa bufeni wa pa golosale m'mawa, masana neba amawapatsa indosidi, madzulo akukabayitsa diclofenac pa kachipatala kolipira, osanena kuti amwa kale zina. Kwa iwo ndi mankhwala atatu osiyana poti mayina ndi mitundu n'zosiyana. Kwa impso ndi mankhwala amodzi omwedwa katatu. Ululu sutsika kuposa pamene ukanatsikira ndi amodzi, koma kuopsa ndiye kumakwera.

Amayi oyembekezera asayambe okha mankhwala a m'banjali, akumwa kapena opaka. Mu 2020 bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti kuyambira sabata ya 20 ya mimba akhoza kuvutitsa impso za mwana n'kuchepetsa madzi omuzungulira, ndipo miyezi itatu yomaliza ndiye oletsedwa ndithu. Amene mphumu yawo imadzuka akamwa asipirini kapena bufeni apewenso akumwa ndi opaka omwe.

Tsono pali pamene kachubu kamagonja. Mfundo ya m'chiuno ili pansi pa mnofu wochindikala, jelo sangafikeko mokwanira. Msana chimodzimodzi. Ngati mfundo zambiri zikupweteka nthawi imodzi, simungapake thupi lonse. Mukatero chubu chitha m'masiku awiri ndipo mankhwala olowa m'magazi achuluka. Ndiye pali gout. Bambo wagona bwinobwino atadya kanyenya wa zam'kati n'kutsitsira mowa, pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chatupa, chafiira, sichifuna kukhudzidwa ngakhale ndi mphepo. Chimachitika n'chakuti mchere wina wa m'magazi, uric acid, waundana m'kati mwa mfundo, ndipo moto wake ndi waukulu kuposa mphamvu ya zopaka. Apa pamafunika akumwa pa mlingo wokwanira, kapena colchicine, kapena prednisolone, malinga ndi momwe dokotala waonera impso ndi m'mimba mwa munthuyo. Asipirini pa gout sayenera. Ndipo n'kwabwino kudziwa kuti HCT uja komanso pyrazinamide, mmodzi mwa mankhwala a TB, amakweza uric acid, choncho wodwala asaleke mankhwalawo yekha koma akauze achipatala kuti mfundo zayamba kupweteka.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wathanzi, wopanda matenda onse ndatchulawa, bufeni wa masiku ochepa si woopsa. Mlingo wa wamkulu ndi mamiligalamu 200 mpaka 400, katatu pa tsiku, osapitirira 1,200 pa tsiku ngati dokotala sananene zina. Amwe madzi okwanira, asasakanize ndi mnzake wa m'banjali, ndipo ululu ukatsika aleke. Si maantibayotiki oti mpaka amalize paketi. Panado angathe kuyendera limodzi ndi opaka, ndipo kwa okalamba ambiri awiriwa ndi amene ndimakonda kupereka.

Kapakidwe nako kamavuta anthu. Ambiri amagusa kadontho kakang'ono kamodzi pa tsiku posunga chubu, kenako amati sizigwira. Diclofenac wamba wa 1 peresenti amafuna magalamu 2 mpaka 4 pa kupaka kumodzi, kuyambira theka la supuni yaing'ono ya tiyi mpaka kuyandikira kudzadza, katatu kapena kanayi pa tsiku. Pakani pakhungu louma, sisitani mofatsa mpaka alowe, sambani m'manja, ndipo dikirani ola limodzi musanasambe thupi. Musapake pa bala, pa zilonda kapena pa mphini zatsopano. Musakulunge ndi pepala la pulasitiki, komanso musathowe ndi madzi otentha pamwamba pake, chifukwa kutentha kumalowetsa mankhwala ambiri m'magazi, ndipo aja a methyl salicylate akhoza kukuwotchani khungu ndithu. Ketoprofen ali ndi khalidwe lake: malo opakidwawo akawombedwa ndi dzuwa amatha kutuluka matuza, choncho aphimbidwe ndi chovala nthawi yonse yopaka ndi milungu iwiri pambuyo pake. Kwa wolima kapena wakabaza wovala kabudula, ine ndimasankha diclofenac kapena ibuprofen. Kwa ana, werengani zaka zimene zalembedwa pa chubu kapena funsani.

Masiku awiri oyamba, kakolo wobinya safuna kutentha kapena kukokedwa ndi munthu wamphamvu amene akuti akubwezeretsa mtsempha. Amafuna kupuma, kuikidwa pamwamba pa pilo, kumangidwa bandeji mosathinitsa, ndi kuziziritsidwa kwa mphindi 15 kapena 20 ndi botolo lozizira lokulunga m'nsalu. Kumene kulibe filiji, nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko imathandizako. Masikuwo akadutsa yambani kuyendetsa phazi pang'onopang'ono, chifukwa mfundo yogonekedwa nthawi yaitali imauma. Ngati sabata yatha osasintha, pitani mukaonetse.

Pali zowawa zina zimene ndimakana kugulitsira chilichonse. Madokotala a ku Ottawa, ku Canada, anakonza mu 1992 njira yosavuta yodziwira kakolo wofunika kujambulidwa: ngati munthu sangathe kuponda mapazi anayi, kapena akumva ululu mukadina pa fupa lenilenilo la m'mbali mwa kakolo, mwina lathyoka. Ameneyo apite kwa achipatala a mafupa, amene amapezeka m'zipatala za maboma. Mfundo imodzi ikatupa yokha popanda kugwa, n'kutentha, munthu akumva kuzizira ndi kutentha thupi, mwina mwalowa tizilombo ndipo muli mafinya. Zimenezi zimawononga mfundo m'masiku ochepa, ndipo mankhwala oletsa ululu amangobisa zizindikiro pamene matenda akudya. Mwana amene ululu ukusamuka kuchoka pa bondo kupita pa kakolo kenako pa chigongono, makamaka atadwalapo zilonda za kukhosi milungu ingapo yapitayo, akufunika kuunikidwa mtima. Ndipo "thupi likuphwanya, mfundo zonse zikupweteka" m'nyengo ya dzinja kawirikawiri ndi nkhani yoyezetsa malungo, osati yopaka.

Chimene sindingatsutse ndi mtengo. Chubu chimodzi chimadula kuposa kapaketi ka mapiritsi 10, ndipo sindingadule chubu pakati kuti wakabaza agule theka monga amachitira ndi mapiritsi. Iye amawerengera ndalama ya lero, ndipo akulondola. Ngati ndi wachinyamata wathanzi ndipo m'thumba mulibe, ndimamupatsa bufeni wa masiku atatu n'kumuuza kuti njinga ipume kaye, ngakhale ndimadziwa kuti mawa lake ndimuona pa siteji. Koma agogo a BP, kapena mayi amene ananong'oneza kuti ali pa ma ARV, pamenepo ndimakakamira. Ndalama ikapanda kukwana ndi bwino apite ndi Panado yekha ndi bandeji kusiyana ndi indosidi. Ana awo a m'tauni amene amatumiza ndalama pa foni "ya mankhwala a miyendo" ndimawauza kuti atchule dzina la mankhwalawo potumiza, chifukwa akangoti agule a miyendo, kumudzi akagula mapiritsi pa benchi. Chubu cha magalamu 30, pa magalamu 2 katatu pa tsiku, chimakwana masiku 5. Cha magalamu 50 chimapitirira sabata pang'ono, ndipo kwa kakolo wobinya wamba chimenecho chimakwanira.